Maame Afrakoma Asochera ndi Msuzi ku Amsterdam

Mu msika wa Kejetia, mumzinda wa Kumasi kuno ku Ghana, pa mzere wa nsalu, palibe amene sawadziwa Maame Afrakoma. Ine Gyamfua ndagulitsa nawo moyandikana zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, tebulo langa kuno lawo uko, ndipo wina akachokapo mnzake amagulitsa za onse awiri. Amandiposa ndi zaka khumi, n'chifukwa chake ndimawaitana kuti achemwali ngakhale palibe chibale.

Anabwera ku Kumasi kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi Mampong ali kamtsikana, kudzasenzera azakhali awo mipukutu ya nsalu. Sukulu analekezera kalasi yachitatu. Powerenga amachita kufufuza chilembo chimodzichimodzi ndi chala, koma nsalu ukangowaonetsa kansonga kake amakuuza dzina lake, chaka chimene inalowa mumsika, ndi maliro amene anthu anayamba kuivalira. Amuna awo ankayendetsa lole ya matabwa, ndipo anafa pa ngozi mwana wawo mmodzi yekhayo, Konadu, ali ndi zaka zinayi. Sanakwatiwenso. Wina akawafunsa ankati, "Wachiwiriyo ndikamuika pati? Tebulo ladzaza kale."

Konadu anakula, anaphunzira unamwino, n'kutsatira mwamuna wake Kwarteng kunja. Kumeneko ankagwira ntchito pa nyumba yosungira okalamba. Zaka zisanu ndi zinayi zinatha m'banjamo mulibe mwana. Nkhani imeneyi Maame Afrakoma sankailankhula ndi munthu, koma Lachisanu lililonse ankasala kudya mpaka dzuwa litapendeka, ndipo tonse tinkadziwa chifukwa chake.

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale foni yawo inalira. Anamvetsera, n'kukhala pansi pa mpukutu wa nsalu yodula, chinthu chimene sanachitepo. Konadu anali woyembekezera, mwana adzabadwa mu Julaye. Nanga ndani akanakamusambitsa mwanayo ndi kumuthowa Konadu ndi madzi otentha, mayi ake ali moyo? Ulendo unali wosakambirana. Chisokonezo chinayamba m'mawa mwake.

"Gyamfua, kodi kumene kuli Konadu kuja ndi kuti?"

"Ku Holland, achemwali. Si komwe kumachokera nsalu zathuzi?"

"Inenso ndimadziwa choncho. Koma pa kalata wanditumizirayi akuti palembedwa Netherlands. Iye mwini pa foni akuti Amsterdam. Mwamuna wake akuti Bijlmer. Kodi anthu amenewa akukhala nyumba imodzi?"

Tinaitana Boga Dwumfour, wokonza mawotchi pa khomo la mzere wathu. Timamutcha Boga, dzina limene kuno timapatsa obwerera kuchokera ku Ulaya, chifukwa anakhalako ku Hamburg zaka ziwiri, kalekale, asanamubweze. Anabwera akupukuta magalasi ake, nakhala pa mpando wanga osapempha.

"Musavutike ndi mayina, Maame. Ulaya ndi mmodzi. Amene waona Hamburg waona konse. Choyamba, kuzizira. Munthu ukatuluka wopanda chipewa, khutu limathothoka osamva kuwawa, umangoliona pansi. Chachiwiri, musanyamule chakudya chilichonse. Ali ndi agalu onunkhiza, angakumangeni. Chachitatu, musapatse moni aliyense. Kumeneko moni ndi mlandu."

"Nanga ndikafuna kufunsa njira?"

"Safunsa njira kumene kuja. Zonse zinalembedwa."

Maame Afrakoma anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsalu.

Lamlungu akazi a abusa awo anawauza zosiyana. Anati mchemwali wawo amapita chaka chilichonse atanyamula nsomba zouma, nkhono, ngakhale zilazi, ndipo agaluwo amangogwedeza mchira. Konadu pa foni anati asagule zovala zotentha, akawapezera komweko. Boga anati Konadu akuwanamiza kuti asachite mantha. Mapeto ake anagula pa kaunjika chijasi chabulauni chofika m'akakolo, ndipo ankachivala masana pa tebulo theka la ola tsiku lililonse kuti thupi lizolowere kulemera kwake. Thukuta linkachita kuyenderera m'zigongono, ogula n'kumafunsa ngati akudwala malungo.

Ku Accra, kokatenga viza, anapitako kawiri. Ulendo woyamba anawabweza chifukwa pa chithunzi anali atamwetulira ndipo duku linaphimba makutu. Anabwerako akung'ung'udza. "Dziko lanji losafuna munthu wosangalala? Ndipo makutu angawo akuwafuniranji, si omwe akathothoke aja?" Ulendo wachiwiri mtsikana wa kuseri kwa galasi anawafunsa ngati adzabwerere ku Ghana. Iwo anati, "Mwana wanga, tebulo langa ukagulitsepo ndiwe?" Viza inatuluka.

Pomanga katundu anagawa pakati malangizo aja. Nsomba zouma ndi tizipatso towawa tija timaphikira mkazi wobereka kuti magazi abwerere ananyamula, monga anawauzira akazi a abusa. Nkhono anazisiya kwa ine, poopa agalu a Boga.

Anandiimbira foni tsiku lachiwiri atafika.

"Gyamfua, palibe galu ndi mmodzi yemwe. Nkhono zanga wadya kale?"

"Theka. Kuzizira bwanji?"

"Kuzizira kuti? Ndinatsika ndege nditavala chijasi chija, azungu onse ali m'makabudula. Kwarteng anaseka mpaka kugwira khoma. Ndipo dzuwa la kuno silikudziwa nthawi yake. Dzulo ndinadya chamadzulo, ndinatsuka mbale, ndinapemphera, ndikasuzumire pawindo, ana akusewera mpira kunja kuli mbee. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa, chimene ndadya chija chinali chamasana. Ndinadyanso."

Mwana anabadwa patatha masiku asanu ndi atatu, wamkazi. Maame Afrakoma anamusambitsa m'beseni la pulasitiki pakati pa chipinda chochezera, akuimba. Koma pa tsiku lachinayi Konadu anayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera, ndipo anamugonekanso m'chipatala pamodzi ndi khandalo. Chakudya cha kumeneko sankachikhudza. Masiku awiri Kwarteng anaperekeza apongozi akewo pa sitima kukapereka msuzi. Tsiku lachitatu anayenera kulowa ntchito m'bandakucha, kumalo kopakira maluwa m'malole, choncho dzulo lake anawakhazika pansi n'kuwajambulira njira pa pepala.

"Amayi, ndi pafupi. Khadi ili muligunditse pa kachitseko, katseguka. Mukakwera pamwamba, sitima yanu ndi ya kudzanja lamanja. Muwerenge masiteshoni awiri, mutsike. Chipatala mudzachiona pawindo, n'chachikulu."

"Kumanja. Awiri. Bambo a mwana, ine ndayenda mu Kejetia magetsi atazima, ndikasochere pa masiteshoni awiri?"

Pansi pa pepalalo Kwarteng analembapo dzina la chipatala ndi nambala yake ya foni. Iwo analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la chijasi, poti ndi chovala chokha chimene chinali ndi thumba lakuya. M'mawa kunacha kotentha, chijasi anachisiya pa msomali.

Zimene zinatsatira anandifotokozera okha atabwerako, kangapo konse, ndipo nthawi iliyonse ankaima pamalo amodzimodzi n'kupukusa mutu.

Ananyamuka cha m'ma teni koloko, kontena ya msuzi ataikulunga m'nsalu n'kuimanga mfundo pamwamba. Kachitseko kanatseguka monga anawauzira. Koma masiku awiri aja Kwarteng ankawakweza pa masitepe oyenda okha, atawagwira mkono, ndipo okha sanafune kuwaponda. Anazungulira mpaka anapeza masitepe oima, kumapeto ena a siteshoni. Anatulukira pamwamba atayang'ana kwina, kumanja kwawo kutasanduka kumanzere kwa Kwarteng. Iwo sanadziwe. Sitima inafika kumanja, anakwera.

Anawerenga imodzi, ziwiri. Pawindo panalibe chipatala. Anati mwina yoyamba ija siwerengedwa. Yachitatu, palibe. Yachinayi anaona mtsinje ndi nyumba zazitali zimene sanazionepo. Anafuna kufunsa mnyamata wokhala pambali pawo, koma anali atatseka makutu ndi timawaya, komanso mawu a Boga a moni aja anali adakali m'mutu. Kenaka sitima inawerama n'kulowa pansi pa nthaka.

"Gyamfua, kunada bii masanasana. Ndinayang'ana anthu, palibe wokuwa, wina akudya apulo. Ndinati ngati tikufa, anthu awa akufa mwaulemu kwambiri."

Sitima inaima komaliza, aliyense anatsika. Iwo anatsata khamu, poganiza kuti kumene kukupita anthu ambiri sikungakhale koipa. Anadutsa m'chinyumba chachikulu chodzaza masitolo, anakwera, anatsika, anakhota, n'kutulukira panja m'mphepete mwa madzi. Atangoponda pa msewu wofiira, mabelu analira mbali zonse. Njinga. Mayi wina wonyamula ana awiri m'bokosi la kutsogolo kwa njinga anawazemba pang'onong'ono akukalipa. Nkhalamba ya tayi inawadutsa kumbuyo. Iwo anangoima pakatikati atakumbatira msuzi, maso ali tsinzinu, mpaka bambo wina anawakokera pambali ndi chigongono n'kupitirira.

Apo m'pamene anatulutsa foni. Anadina dzina la Konadu, sinalire. La Kwarteng, zii. M'nyumba foniyo inkagwira bwinobwino, ndipo palibe anawauza kuti imadalira kabokosi ka m'nyumbamo, ikatuluka panja ndi mwala. Anapisa dzanja kufuna pepala lija, n'kukumbukira msomali.

Miyendo inali itayamba kuwawa. Patsogolo pawo anaona malo otakata okhala ndi denga ndi mipando m'mbali, anthu akulowamo ndi njinga zawo. Anati awa ndi malo odikirira, ndikhale pansi mutu ukhazikike. Anakhala, msuzi pamiyendo. Belu linalira, chitseko chachitsulo chinadzuka kumbuyo, ndipo siteshoni yonse inayamba kubwerera m'mbuyo.

"Ndinati ndi chizungulire, ndadzuka osadya. Ndinatseka maso, ndinawerenga mpaka khumi. Nditsegule, madzi uku, madzi uko. Nyumba ija ikuyandama, Gyamfua!"

Inali pantoni yowolotsa anthu. Itafika tsidya lina onse anatuluka, ena analowa. Iwo sanadzuke. Ankaopa kuti akatsikira tsidya limenelo ndiye kuti alowa dziko lina, mwina Netherlands uja, ndipo viza yawo mwina ndi ya Holland yekha. Itabwerera mbali ya siteshoni anaona njinga zija zikuwadikira, sanadzukenso. Anapita ndi kubwera kanayi. Wogwira ntchito m'pantonimo anayamba kuwayang'ana, iwo n'kumayang'ana kumadzi ngati munthu amene anakonzeratu kukhala pamenepo tsiku lonse.

Ulendo wachisanu, itaima tsidya lija, kunalowa mayi wakuda wojintcha, wa msinkhu wawo, atanyamula chikwama chokhala ndi magolovesi okolopera. Anali atavala nsalu ija ife timaitcha khutu la mpongozi, yeniyeni osati yokopera. Maame Afrakoma anaiwala za moni ndi milandu yake. Anagwira nsonga ya nsaluyo n'kukhuthula zonse m'chilankhulo chathu cha Chitwi: mwana, chipatala, sitima, msomali. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha motalika chimodzimodzi m'chilankhulo chimene iwo sanamvepo liwu ndi limodzi. Anayesa Chingelezi chawo cha pamsika, iye anayesa Chifalansa, kenaka Chidatchi. Pomaliza anadziguguda pachifuwa: "Tshibola. Kongo."

"Afrakoma. Kumasi."

Zotsalazo anakambirana ndi manja. Maame Afrakoma analozetsa mimba yaikulu, anatonthoza khanda losaoneka, anadzibaya jakisoni pamkono, analoza kontena. Mayi Tshibola anamasula mfundo, anatsegula chivundikiro, ananunkhiza, n'kugwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza matenda. Anawagwira dzanja, ndipo pantoni itaima anawadutsitsa pakati pa njinga zija akuzikalipira iye poyamba.

Anakwera naye kasitima koyenda mumsewu mpaka pa chipatala. Atangotsika, Maame Afrakoma anaona kuti si chipatala chija, koma analibe manja onenera zimenezo. Pa tebulo lolandirira alendo anatchula dzina: Konadu. Mtsikana wa pamenepo anafufuza pa kompyuta, palibe. Anatchula lonse, Yaa Konadu. Palibe. Pa mapepala onse a kumeneko mwana wawo ndi Beatrice Kwarteng, koma dzina la Beatrice linali la kusukulu, iwo sanamuitanepo nalo, ndipo nthawi imeneyo linawathawa m'mutu. Anakhala pa benchi n'kuyamba kulira. Mayi Tshibola anatulutsa foni yake, anawapatsa, n'kumaloza manambala.

Nambala imene Maame Afrakoma amaidziwa pamtima ndi imodzi yokha, yanga, chifukwa zaka zimene analibe foni ankapatsa ogula onse nambala imeneyi.

Kuno inali cha m'ma wani koloko, ndikudula nsalu ya maliro ya banja lina la ku Ejisu. Nambala yachilendo. Ndinayankha.

"Gyamfua, ndine. Ndili kuti?"

"Achemwali? Mukufunsa ine? Ine ndili ku Kejetia!"

"Kumene uli iweko ndikukudziwa. Ndikuti ineyo ndili kuti?"

"Mukuonapo chiyani pamenepo?"

"Azungu odwala."

Ndinakuwa, mzere wonse unasonkhana, a banja la maliro aja nawonso anaiwala nsalu yawo. Wina anathamangira Boga. Anafika akupumira m'mwamba, anandilanda foni n'kuyamba kubwebweta Chijeremani. Uko Mayi Tshibola anamuyankha m'Chifalansa. Boga anachotsa foni kukhutu, nati, "Mayi ameneyu Chijeremani chake n'chakumudzi. Auzeni Maame apeze siteshoni yaikulu, afunse sitima yopita kudoko."

"Doko la ku Hamburg? Bweretsa foniyo kuno, iwe!"

Nambala ya Kwarteng ndinali nayo. Ndinayesa kuwawerengera achemwali kuti auze mayiyo, koma ankasokoneza manambala ndi misozi, ndipo mayiyo manambala a Chitwi kapena a Chingelezi sankawamva. Ndiye ndinabwereka foni ya mnzathu wogulitsa mipango, ndinamuimbira Kwarteng. Anali atachoka kale kuntchito chifukwa Konadu anamuuza kuti amayi sanafike, ndipo ankazungulira masiteshoni a kufupi ndi kwawo akufunsa aliyense. Ndinamuuza kuti akhale chete amvere. Ndinatenga mafoni awiriwo, ndinawagunditsa pakamwa ndi pakhutu pamwamba pa mpukutu wa nsalu yakuda, n'kulamula mzere wonse kuti utseke pakamwa.

Sindinamvepo Kejetia ali chete chonchija. Anthu awiri a mumzinda umodzi wa ku Ulaya ankakambirana Chidatchi kudzera pa tebulo langa. Ife tonse tinaweramira pamenepo osamva kanthu, tikugwedeza mitu. Kenaka Kwarteng anakuwa m'Chitwi, "Azakhali Gyamfua, apezeka! Mayiyu akuti ndisavutike, awabweretsa yekha." Mzere wonse unaomba m'manja. Boga anati n'zimene ankanena iye.

Anafika pa chipatala chenicheni cha m'ma faifi koloko ya kumeneko. Konadu anali atalira mpaka anamwino anzake kumuopseza kuti magazi akwera.

"Amayi, masiteshoni awiri okha! Awiri!"

"Ndinawerenga, mwana wanga. Sitimayo ndi imene sinawerenge."

"Nanga pamadzi mumakatani?"

"Usandifunse zambiri, inenso sindinamvetse. Dzuka udye."

Namwino wina anakawatenthetsera msuzi uja. Konadu anamwa mbale ziwiri, koyamba kudya mokhuta chigonekedwereni. Yachitatu anapatsa Mayi Tshibola, amene anamwa ataimirira, n'kupempha tsabola wowonjezera. Atatha anasamba m'manja, ananyamula khanda lija, analiyang'ana nthawi yaitali n'kuliuza zinthu zambiri m'chilankhulo chake. Kudzera mwa Kwarteng, Maame Afrakoma anamva kuti mayiyo amakolopa m'maofesi tsidya lija la madzi, kuti ali ndi zidzukulu zitatu kwawo ku Kananga, ku Kongo, ndipo wamng'onoyo sanamuonepo ndi maso.

Konadu anatuluka patatha masiku atatu. Maame Afrakoma sanakwerenso sitima okha. Koma Lachinayi lililonse, tsiku lake lopuma, Mayi Tshibola ankabwera kudzawatenga. Anawaonetsa msika wa nsomba, ngalande zamadzi zokhala ndi nyumba zopendekeka, tchalitchi chachikulu chopanda opemphera. Mayina a malowo sanagwirepo ndi limodzi. Ukawafunsa amati, "Tinapita kuja kuli mlatho, kenaka kuja kuli mlatho wina."

Konadu anawachonderera kuti ayese kuwonjezera masiku, mwinanso kukhaliratu. Anakana. Anati mwana wasamba, mchombo wapola, mayi wake wanenepa, ntchito yawo yatha. Anabwerera mu Okutobala, ndipo m'mawa mwake anali kale pa tebulo akundikalipira kuti ndasanja nsalu zawo mosatsata mitundu.

Papita zaka ziwiri tsopano. Loweruka lililonse, dzuwa likapendeka, foni yawo imalira. Amasiya wogula ali chiimire, amakhala pansi, n'kuyamba kufotokoza m'Chitwi za mvula, za mawondo awo, za amene wamwalira sabata imeneyo. Akamaliza amakhala chete, uko Mayi Tshibola n'kuyamba zake. Nthawi zina amasekera pamodzi mpaka kutsokomola. Palibe waphunzira chilankhulo cha mnzake.

Loweruka lapitali atatseka foni sanabwerere kwa wogula. Ndinawafunsa, "Akuti chiyani lero?"

"Ndidziwa bwanji ine? Koma mawu ake sakundisangalatsa, akumveka ngati munthu wosagona bwino. Tandiimbira Kwarteng, apite mawa akamuone."